Kalata yotseguka kwa akuluakulu oona za ziweto ndi makhonsolo: agalu otayidwawa anali ndi eni ake

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zaulimi, Mkulu wa Nthambi Yoona za Umoyo wa Ziweto, Mameya ndi Akuluakulu a Makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, komanso mafumu athu a kumidzi ndi m'matauni,

Ndikupatsani moni mwaulemu, akuluakulu. Ine ndine nzika wamba, woweta agalu kuyambira ubwana wanga, ndipo ndalemba kalatayi poyera chifukwa zimene ndikudandaulazi zimachitikanso poyera, m'mbali mwa misewu imene magalimoto anu amadutsa tsiku ndi tsiku. Ndikunena za mchitidwe wotaya agalu ndi ana awo. Ena amawamangirira m'thumba n'kuwasiya mu ngalande, ena amawaponya kudzala kapena pansi pa mlatho, ena amawakweza galimoto n'kukawatsitsa kutali kuti asadziwenso njira yobwerera.

Madandaulo a agalu oyendayenda mumawalandira kawirikawiri. Amafika kwa inu ngati nkhani ya agalu ovuta, oluma ana, ogwira nkhuku, ogwetsa mabini a zinyalala mumsika. Koma agaluwo sanamere okha ngati bowa wa m'dzinja. Aliyense wa iwo, kapena mayi wake, anali pakhomo pa munthu, anali ndi dzina, ankadya makoko a nsima kuseri kwa khitchini. Pali munthu amene tsiku lina anaganiza kuti watopa naye. Munthu ameneyo safunsidwa kanthu ndi wina aliyense, ndipo mlandu wonse umagwera galu.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene zimakhala m'thumbamo, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri a inu simunalimasulepo. M'dera lathu, m'nyengo ya mvula, ana opita kusukulu anamva kulira mu ngalande. Linali thumba la feteleza lomangidwa ndi luzi kukamwa. Titalimasula tinapeza tiana tagalu tosatsegula maso, mchombo usanagwe, tonyowa ndi madzi amatope, nyerere zitayamba kale kulowa m'makutu ndi m'mphuno. Tina tinali titauma kale pansi pa tinzake. Tamoyoto tinkakwawirana, kufunafuna bere pa matupi a tomwe tafa. Kamwana kagalu kamsinkhu umenewo sikatha kudzifunditsa, sikaona, sikamva, ngakhale kukodza kumene kamadalira mayi wake kuti akanyambite. Maso amatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo kamayenera kukhala ndi mayi wake mpaka milungu 8. Tinayesa kutifunditsa m'katoni ndi nsanza, kutimwetsa mkaka ndi jakisoni wopanda singano, koma tambiri tinafa usiku womwewo. Ana amene anapeza thumbalo anaona zonsezi. Ndipo tonse tinadziwa kuti penapake m'dera lomwelo pali galu wamkazi mawere atatupa, akuzungulira nyumba kufunafuna ana ake, ndipo pakatha miyezi yowerengeka adzatenganso bere lina.

Amene amataya tiana m'thumba amadzitonthoza kuti iye sanaphe, wangosiya. Ena amati mwina wodutsa atola. Wodutsa satola, akuluakulu. Chimene chimachitika n'chakuti imfa imene ikanatenga mphindi imatenga masiku, ndipo wochitayo amakhala ali kunyumba, manja ake ali oyera.

Galu wamkulu naye amatayidwa, ndipo kwa iye zimapweteka mwa mtundu wina, pakuti amadziwa chimene wataya. M'nyumba za lendi zimenezi zimachitika pakutha pa mwezi. Banja lapeza nyumba ina, landilodi watsopano wanena kuti pano agalu ayi, kapena bambo apita ku Joni, kapena asamutsidwa kuntchito. Lole imabwera, amapakira mipando, matiresi, mbaula, ngakhale nkhuku amazimanga miyendo n'kuziika pamwamba, koma galu amasiyidwa. Ndinamuonapo mmodzi wotere, wakuda wa mphumi yoyera, atagona pa geti la nyumba yopanda makatani kwa milungu. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro ankadzuka, mchira uli gwedegwede, n'kugonanso ikadutsa. Atalowa anthu ena m'nyumbamo anayamba kumugenda, iye osamvetsa kuti walakwanji pakhomo pamene wakhala akulondera usiku uliwonse. Nthiti zinayamba kuwerengeka, nkhupakupa zinadzaza m'makutu, mphere inamudya mpaka ubweya kuyoyoka. Pamapeto pake anthu ankangoti ndi galu wopanda mwini.

Ndikudziwa zifukwa zimene anthu amapereka, ndipo zina si zabodza. Chimanga chakwera mtengo, gaga amene kale ankangoperekedwa kuchigayo lero amagulitsidwa chifukwa oweta nkhumba ndi nkhuku akumulimbirana. Galu wamkazi amayamba kuswa asanathe n'chaka chomwe, bere lake ndi la masiku 63 okha, ndipo amatha kuswa kawiri pachaka, ana 5, 6, nthawi zina kuposa apo. Banja limene likuvutika kupeza ufa wa ana ake lingathe bwanji kudyetsa khamu lotere? Pamwamba pa izo, ofuna agalu amasankha amphongo. Mukapita pakhomo pamene galu waswa mudzamva funso limodzi: kodi aamuna alipo? Aamuna amatha msanga, aakazi amatsala, ndipo ndi amene amadzaza m'matumba aja.

Koma si osauka okha amene amachita izi. Munthu wosauka alibe galimoto yokatayira galu kutali. Pali ena a m'mipanda ya njerwa amene amagula galu wachizungu chifukwa anzawo ali naye, German Shepherd, Boerboel kapena Rottweiler, ndipo akaona kuti akudya kwambiri, wadwala, kapena wakalamba sakuuwanso mwamphamvu, amauza wantchito kuti akamusiye kutali. Pali oweta agalu ogulitsa amene amaswetsa galu mmodzi bere lililonse popanda kumupumitsa, ndipo ana amene atuluka osakanizika ndi achikuda, osagulika, amatayidwa. Palinso anyamata amene amaima m'mphepete mwa misewu ya mu Lilongwe atanyamula tiana tagalu m'mwamba, dzuwa lili phwee, popanda madzi, kuti a m'magalimoto amve chisoni agule. Tambiri mwa timeneto timachotsedwa kwa mayi wake tisanaleke kuyamwa. Wogula mwachifundo amaganiza kuti wapulumutsa kamodzi, pamene ndalama yake yaitanitsa tina mawa. Tomwe tatsala osagulidwa, todwala, sitibwerera kunyumba.

Mwina wina wa inu anena kuti dziko lili ndi mavuto aakulu, mankhwala m'zipatala akusowa, misewu ndi yokumbika, nanga tiyambe kulira agalu? Ine ndikanayankha kuti chifundo pa cholengedwa chimene chimamva njala, ludzu ndi mantha n'chifukwa chokwanira pachokha, ndipo sindichita manyazi kutero. Koma ngati chifukwa chimenecho sichikukwanirani, chilipo china chimene chili pa desiki panu kale: chiwewe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zokayikitsa, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala. Amene anaonapo mwana akuopa madzi pamene ali ndi ludzu, akukuwa, akumangidwa pabedi, safuna kudzaonanso. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinadziwika m'zaka za m'ma 2012 chifukwa cha kuchuluka kwa ana omwalira ndi matendawa, ndipo n'chimene chinachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe ntchito mumzindawo mu 2015, mogwirizana ndi nthambi yanu ya ziweto. Chaka choyambacho anabaya katemera wa chiwewe agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Anthu a ku Blantyre akukumbukira mizere ya ana pa masukulu a pulayimale Loweruka ndi Lamlungu, wina atamanga galu wake ndi chingwe cha sisalo, wina atanyamula tiana m'beseni, agalu n'kumabwerera kunyumba ali ndi penti pamphumi. Ntchito imeneyo inafalikira ku Zomba ndi Chiradzulu, ndipo chiwerengero cha ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe chinatsika kwambiri. Pamenepo mukuyenera kuyamikiridwa, inu ndi anzanuwo.

Tsono taonani mmene kutaya agalu kumagumulira zimene mwamangazo. Akatswiri amati kuti chiwewe chileke kuyenda m'dera, agalu 70 pa 100 alionse ayenera kulandira katemera, ndipo chiwerengerocho chisatsike. Galu wobayidwa amabwera ndi mwini wake. Wotayidwa adzabwera ndi ndani? Iye ali kumtaya, ali kuseri kwa msika, ali kumalo ophera ng'ombe, akulimbirana zotsala ndi anzake, kulumana, kuswerana. Mwana aliyense wobadwira kumeneko ndi galu wopanda katemera amene wawonjezeka pa chiwerengero chanu. Ndipo kagalu kotayidwa kakapulumuka n'kuyamba kuyenda, amene amakatola ndi mwana wasukulu. Amakabisa kuseri kwa bafa, kumakapatsa phala. Kakamuluma pang'ono pachala sanena, poopa kukalipidwa. Makolo amadzadziwa patatha milungu kapena miyezi, nthawi yotsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala itadutsa kalekale. Ngakhale amene anena msanga, si nthawi zonse pamene katemera wa anthu amapezeka pachipatala chapafupi, ndipo banja limagulitsa mbuzi kuti lipeze ya thiransipoti yopita kuboma kangapo.

Yankho limene takhala tikuliona kuchokera kwa olamulira ndi lakale lija: chilengezo choti aliyense amange galu wake, kenako mfuti. Ndikumvetsa kuti mukapanikizidwa ndi madandaulo mumafuna chinthu chooneka. Koma mfuti siisankha. Imapha ndi galu wobayidwa yemwe amene anadula chingwe m'mawa umenewo, ndipo katemera amene munagula uja watayika naye limodzi. Agalu ochenjera, oopa anthu, amathawa, ofatsa ndi amene amagwa. Mwini galu wophedwayo sakhala nthawi yaitali, amakatenga kamwana kena kosabayidwa chifukwa akuba sanasiye kuyenda usiku. Zinyalala za mumsika zikadalipo, choncho agalu ena amabwera kudzadya pamalo pa ophedwawo. WHO yomweyo ndi bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse ananena kale kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Ndipo galu wolasidwa pamimba, akudzikoka kulowa pansi pa benchi pamaso pa ana, ndi phunziro loipa kwambiri limene boma lingapereke kwa ana a dziko lake. Za poizoni ndiye musazilole n'komwe, kaya achite ndi ndani. Nyama yothiridwa tameki imapha galu mozunzika, imaphanso amphaka, akhwangwala, nkhuku, ndipo mwana wokwawa sadziwa kusiyanitsa.

Pempho langa lalikulu n'lakuti mubwere kumayambiriro kwa nkhaniyi, pamene galu wamkazi asanatenge bere. Opaleshoni yotseka galu wamkazi ndi kuthena wamwamuna ndi ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo imachitika kamodzi pa moyo wonse wa galuyo. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Amene akudziwa amalephera mtengo wa kuchipatala cha ziweto choyima pachokha, ndipo ngakhale ndalama ipezeke, minibasi sikweza galu, wakabaza amakana. Mabungwe oteteza nyama monga LSPCA ku Lilongwe, imene inayamba mu 2008, ndi BSPCA ku Blantyre asonyeza kuti ntchitoyi itha kupita kwa anthu: tenti, tebulo, madokotala, anthu n'kubwera ndi agalu awo wapansi. Koma mabungwe awiri kapena atatu odalira thandizo la akufuna kwabwino sangakwanitse dziko lonse. Wa ku Chitipa, wa ku Nsanje, wa ku Nkhotakota apite kuti? Lero tili ndi sukulu yathuyathu ya madokotala a ziweto ku LUANAR, zimene kale kunalibe. Alembeni ntchito achinyamata amenewa, muwatumize m'maboma ndi zipangizo, ndipo ophunzira a zaka zomaliza azipita nawo. Malo a dibi amene ambiri angokhala mabwinja akhoza kukhala pokumanirana, pakuti aliyense m'mudzi amadziwa pamene ali. Tsiku la katemera likhalenso tsiku lotseka, kwaulere kapena pamtengo umene mayi wogulitsa tomato angakwanitse.

Alangizi a ziweto akafika m'midzi alankhulenso za mantha amene anthu ali nawo. Alipo okhulupirira kuti galu wothenedwa amasanduka waulesi, sauwa, sathamangitsa kalulu. Agalu otsekedwa amene ndawawetapo amalondera bwino lomwe, ndipo amakhala pakhomo usiku m'malo mothawira kwa wamkazi wa mudzi wina n'kubwerako atang'ambidwa khutu. Zimenezi zimafunika kunenedwa ndi munthu amene anthu amamukhulupirira, pawailesi za m'madera ndi pamisonkhano ya mfumu.

Chachiwiri, munthu amene walephereratu kusunga galu akhale ndi kopita. Lero mukamuuza kuti usataye, adzakufunsani kuti nanga ndipite naye kuti, ndipo m'maboma ambiri yankho palibe. Khonsolo iliyonse ya mzinda ikhale ndi malo, ngakhale aang'ono, a mthunzi, madzi ndi wosamalira, kumene munthu angasiye galu kapena tiana popanda kunyozedwa, ndi kumene ofuna galu angakatenge wobayidwa kale, wotsekedwa kale. Sindikubisa kuti si onse amene adzapeze pakhomo. Wodwala kwambiri, wovulala kosachiritsika, dokotala amugoneke ndi jakisoni, mwakachetechete, popanda ululu. Zimawawa kunena, koma sizingafanane ndi thumba la mu ngalande.

Za lamulo ndinene mwachidule. Tili nalo lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, limene limaletsa kuzunza nyama ndi kuivutitsa popanda chifukwa, komanso lina loona za matenda a ziweto, Control and Diseases of Animals Act. Loyambalo ndi la nthawi ya atsamunda, ndipo anthu ambiri, ndi apolisi ena omwe, sadziwa kuti lilipo. Munthu akapita kukanena kuti mnansi wake wataya agalu, kawirikawiri amasekedwa. Olemekezeka a Nduna, tengerani lamuloli ku Nyumba ya Malamulo likakonzedwe kuti ligwirizane ndi masiku ano, kutaya chiweto kutchulidwe momveka kuti ndi mlandu, chilango chake chikhale chakuti munthu achimve. Inu a makhonsolo simukufunika kudikira zimenezo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linakupatsani mphamvu yopanga malamulo a m'dera lanu. Letsani kugulitsa tiana tagalu m'misewu ndipo chiletsocho chizitsatidwa. Oweta agalu ogulitsa alembetse, aziyenderedwa. Galu aliyense wa mumzinda akhale ndi khadi la katemera lolembedwa dzina la mwini wake, kuti akapezeka atatayidwa tidziwe khomo logogoda. Koma chonde, kulembetsako kusakhale msonkho wina wolemetsa, chifukwa mukaika mtengo wokwera, mawa lake ngalande zidzadzaza ndi agalu a anthu othawa kulipira.

Kwa inu mafumu, zikomo, ndikugwadireni. Palibe galu amene angaswe m'mudzi mwanu inu osadziwa. Mumaweruza milandu ya mbuzi yodya chimanga cha mwini, ya nkhumba yolowa m'dimba. Makolo athu ankapita kuuzimba ndi agalu, ndipo galu wogwira nyama ankapatsidwa gawo lake asanadye anthu ena. Sankamuona ngati chinthu chotaya. Munthu akapezeka ataponya tiana tagalu m'chimbudzi kapena mumtsinje umene anthu amatungamo madzi, muitanitseni pabwalo monga mmene mumachitira ndi milandu ina. Amene akusamuka m'dera, mfumu ya m'tauni kapena wapampando wa chitetezo cha m'mudzi amufunse kuti galu wake akumusiyira ndani. Funso lokhalo likhoza kupulumutsa ambiri, chifukwa anthu amataya agalu podziwa kuti palibe amene adzafunse.

Aphunzitsi nawonso musawasiye kunja. Kumene ana aphunzitsidwa za chiwewe m'kalasi, ndi anawo amene amakoka agalu kupita ku katemera, ndi amene amauza makolo kuti bala litsukidwe. Mwana yemweyo akauzidwa kuti galu amatha kutsekedwa, adzakakamiza bambo ake mpaka apite. Koma panopa ana ambiri ndi amene amatumidwa kukataya thumba lija, akulira, ndipo akabwerako amauzidwa kuti asiye zachibwana, ndi galu chabe. Mwana wophunzitsidwa kuumitsa mtima chonchi ali wamng'ono, musadabwe naye akadzakula.

Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasadzapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu, ndipo zaka zatsala zochepa. Pa 28 September chaka chilichonse timakumbukira tsiku la chiwewe padziko lonse, pamakhala zoyankhula, zikwangwani ndi magule. Ndikupemphani kuti pa tsiku limeneli likubwerali, Olemekezeka a Nduna atiuze kuti ndi maboma ati amene ayambe kulandira madokotala otseka agalu ndiponso liti, ndipo meya aliyense atchule malo amene khonsolo yake yapatula kuti munthu wolephera kusunga galu akamusiyeko. Ndalama zimene zikanagula zipolopolo chaka chino zilembedwe mu bajeti kuti zigule mankhwala ogonetsa, ulusi wosokera ndi katemera. Ife oweta agalu a m'madera tili okonzeka kuyenda khomo ndi khomo kuitana anthu, kugwira agalu pamzere ndi kutunga madzi a madokotala, mukangotiuza tsiku ndi malo.

Ndine wanu mwaulemu,
Nzika yoweta agalu